Chitini Chimene Gideon Anabisa

Aliyense wa kumakomboni a esiteti ya nzimbe ankadziwa zinthu ziwiri za a Saulos. Choyamba, sankajomba kanema wa Lamulungu masana, ngakhale malungo awagwire chotani. Chachiwiri, chimene aona pakanema chinali choona kwa iwo kuposa chimene aona pamsewu ndi maso awo. Ukangoti uwatsutse ankati, "Ndinaona pakanema," basi nkhani n'kuthera pompo.

Tsono amene anavutika nalo khalidwe limeneli ndi Otilia, mwana wa mlongo wawo. Bambo ake anamwalira iye akali kumbuyo, choncho mawu onse a ukwati wake anali m'kamwa mwa amalume akewo. Ndipo mtima wa Otilia, monga amayi ankanong'onezana pamjigo, unali utapita kalekale kwa Augustino, mnyamata wa Chisena woimba ulimba.

Ulimba umenewo sunali wamasewera ayi. Timatabwa makumi awiri, zikho zolendewera pansi pake. Bambo ake a Augustino anachita kuusenza pamutu pothawa nkhondo ku Mozambique. Mbuzi anasiya, miphika anasiya, koma ulimba osausiya. Atamwalira unatsala m'manja mwa mwana wawo. Ndiye Augustino akagwira timitengo tija, kaya paukwati kaya pamaliro, ngakhale nkhalamba zinkaiwala pamene zaika ndodo.

A Saulos anakana miyezi isanu yathunthu. Otilia anagwada, anawachapira, anawaphikira mlamba wotendera, mpaka tsiku lina anati, "Chabwino. Loweruka likudzali atumize ankhoswe ake, tiwamve."

Koma Loweruka lisanafike, panali Lamulungu.

*

Holo inali itadzaza. Mazenera anawatseka ndi ziguduli kuti mukhale mdima, ndiye ndi dzuwa la Okutobala lija, m'katimo munali ngati m'ng'anjo. Pakhomo anyamata a Yufi ankaona makadi a chipani. Pambali pawo mayi Asiya anakhala ndi dengu lawo la masau, maso ali mwazumwazu kuona kuti walowa ndi yani ndani.

Woyendetsa makina anali Gideon, wa malaya oyera ndi wotchi yonyezimira. Popeza makanemawo ankayankhula Chingerezi chothamanga, Gideon yemweyo ndiye ankagwira chimkuzamawu n'kumamasulira. Anali atamufunsira Otilia katatu. Katatu konse Otilia anamuyankha kuti, "Zikomo a Gideon, koma malo anatha."

Anthu anaimirira nyimbo ya fuko, anaonera nkhani za boma, kenako kanema n'kuyamba. Anali wa munthu wakuda wa ku Amereka, woliza lipenga. Anayamba ali mmphawi, nsapato zong'ambika, akuliza pakona pamsewu. Mtsikana wina wosoka zovala anamuponyera kandalama m'chipewa, n'kumwetulira. Anakwatirana.

A Saulos anatsamira kwa Otilia. "Ameneyu ndiye kanema. Si aja oti munthu mkazi wamuthawa, iye m'malo molira wakwera phiri wayamba kuimba, ng'oma zikuchokera kaya kuti, mudzi wonse n'kuyamba kuvina mofanana ngati anapangana. Bodza limenelo! Apa taona, munthu akagwira lipenga nyimbo ilipo, akalisiya nyimbo yatha. Zoona zokhazokha."

"Eya, amalume," anatero Otilia, mtima uli phee, poti mpaka pamenepo woliza lipengayo anali mwamuna wabwino.

Lamba wa kanema atatha, Gideon anasintha chitini, n'kukoleka lamba wa m'chitini chachiwiri. Zinthu zinayamba kupindika. Woliza lipenga uja anatchuka. Masuti, magalimoto, botolo m'manja, akazi ena atapaka milomo. Pena anatembenuka n'kunena timawu tiwiri tokha kwa mkazi wake. Koma chimkuzamawu chinabangula:

"Akuti, 'Mkazi iwe, ife oimba sitidya ndiwo imodzi masiku onse!'"

Holo yonse inafa ndi phwete.

"Akutinso, 'Tonse ndife amodzi, kaya wa lipenga, kaya wa gitala, kaya wa ulimba!'"

Mitu inatembenukira kwa Otilia. Iye anangoyang'ana kutsogolo, khosi lili njoo. Sukulu analekeza Sitandade 6, koma ankadziwa kuti ku Amereka munthu sangatchule ulimba ndi timawu tiwiri.

Kenako mkazi uja anaima pasiteshoni, mwana m'manja, misozi ili mbwembwembwe, sitima ikupita ndi mwamuna wake. Mwadzidzidzi khoma linangoyera mbee, lamba wa kanema akuti phaphapha pamakina.

"Wathera pomwepo, abale," anatero Gideon. "Umu ndi mmene amathera akazi a oimba. Muyende bwino."

Panja, a Saulos anapukuta thukuta ndi chipewa. Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino.

"Otilia."

"Wawa, amalume."

"Umuuze mnyamata uja kuti ankhoswe ake asavutike Loweruka. Mwana wa mlongo wanga sadzaima pasiteshoni."

*

Lolemba m'mawa Otilia anapita kumsika maso ali otupa. Mayi Asiya anamukodola.

"Bwera kuno iwe. Tenga masau awa, usawatsegule pano." Anatsitsa mawu. "Pansi pake pali kalata."

Otilia anabisala kuseri kwa sitolo n'kuwerenga.

*Otilia wanga. Ndamva zonse. Anthu akundiloza kuti uyo wa lipenga akudutsa. Sindinakwerepo sitima chibadwire. Tikumane pamlambe wa kungalande dzuwa likapendeka. Ndine wako, Augustino.*

Anabwerera kwa mayi Asiya. "Amayi, ndifunseko. Inu mumakhala pakhomo paja Lamulungu lililonse. Kanema akamatha, si paja pamabwera mawu awiri akuluakulu a Chingerezi, ndi nyimbo?"

"Ine kuwerenga sindidziwa, mwanawe. Koma ndimamva nyimbo yothera, ndiye ndimakonza dengu poti anthu atuluka. Dzulo anangotulukira mwadzidzidzi, mpaka anandiponda masau."

"Ndiye kuti kanema uja sanathe."

Mayi Asiya anayang'ana uku ndi uku, n'kusendera pafupi. Nkhope yawo inawala ngati munthu amene wapeza pothira madzi amene wasenza tsiku lonse.

"Ine sindinena za anthu, ukundidziwa. Koma Lachisanu, lole itabwera kuchokera ku Blantyre, ndinaona ndi maso angawa Gideon akutsitsa zitini. China chaching'ono cha nkhani za boma. Zikuluzikulu zitatu. Dzulo wasintha kangati?"

"Kamodzi. Zitini ziwiri."

"Ehee! Ndipo Loweruka ndinamuona ali ndi Dailesi kuseri kwa holo, mitu pamodzi. Dailesi yemwe uja, woti Augustino akamaimba amavina mpaka chitenje kumasuka. Koma ine sindinanene kanthu."

"Zitinizo zimabwerera liti?"

"Lole imadzatenga Lachinayi m'mawa."

Otilia anaphwanya sau limodzi ndi mano, n'kulavula nthangala kutali. Masiku atatu. Akwana.

*

Augustino anali atafika kale pamlambe, njinga atayedzeka pamtengo. Anali wamtali, wa zala zazitali zosakhazikika. Ngakhale pamenepo zinkagogoda pachishalo.

"Ndaganiza," anatero asanapereke n'komwe moni. "Azakhali anga ali ku Bangula. Ndikunyamule panjinga Lachisanu. Pakatha mwezi, amalume ako adzangovomera okha."

"Nkhabe," anatero Otilia, kumukanira m'chiyankhulo chake chomwe. "Ine si thumba la mapira loti muzembetse. Ndidzatuluka pakhomo pa amayi masana dzuwa likuswa mtengo, nthungululu zikulira, amalume ali patsogolo."

"Amalume ako amvera khoma la holo kuposa munthu."

"Ndiye khoma lomwelo liwauze zina. Kanema uja ali ndi chitini chachitatu. Gideon wabisa."

"Nanga mwamo muli chiyani?"

"Sindikudziwa. Koma munthu sabisa chinthu chomuthandiza. Ngati wabisa, ndiye kuti wa lipenga uja anabwerera kwa mkazi wake."

Augustino anaseka pang'ono, koma kuseka kwake sikunafike m'maso. "Gideon, Gideon. Dzina limeneli likumveka kwambiri masiku ano. Ndamva kuti anakugulira mpango."

"Wakuuzani ndani?"

"Anthu."

"Anthu ake ovina mpaka chitenje kumasuka?"

Ngati kuti wamuitana, Dailesi anatulukira m'njira ya kungalande, beseni la zovala pamutu, chiuno chikuyenda pachokha.

"Ii, ndasokoneza msonkhano? Pepani. Mwaswera bwanji achimwene a Gusti? Mnzanga Otilia, pepa ndi za dzulo zija. Ine ndinalira nawe, mtima unandiwawa."

"Usadzipweteke, Dailesi. Sunga misozi, udzaifuna."

"Ine ndimangoti pena amalume amaona patali. Si nyumba iliyonse imene ingathe kusunga woimba." Anamuponyera diso Augustino n'kupitirira.

Otilia anadikira mpaka beseni litazimiririka m'nzimbe. "Mundipatse mpaka Lachitatu. Chilichonse chimene mumve za ine, musakhulupirire msanga."

"Ukufuna kuchita chiyani?"

"Mudzaona."

*

Lachiwiri masana anamupeza Gideon pakhonde la holo akupukuta magalasi a makina.

"Aa, Oti! Lero mvula igwa."

"A Gideon, ndabwera kudzafunsa za chitini chachitatu."

Kansalu kanaima m'manja mwake. "Chitini chanji? Kanema anatha."

"Mawu awiri aja sanabwere. Nyimbo yothera sinalire. Ndipo pali amene anaona zitini zitatu zikutsika mulole."

"Chinali chowonongeka. Makoswe."

"Makoswe kuboola chitini chachitsulo? Makoswe a ku Blantyre ndiye ali ndi mano."

Gideon anaseka, n'kuyang'ana wotchi yake, ngakhale panalibe chofunsira nthawi. Kenako anasintha mawu, kuwafewetsa ngati nthochi yakupsa.

"Iwe ndiwe wanzeru, Oti. N'chifukwa chake ndimati suyenera munthu wogona pamaliro a eni ake akugogoda matabwa. Chabwino, chitini chilipo. Ukufuna kuona mmene zinathera?"

"Ndikufuna."

"Mawa nthawi ya 3 koloko holo imakhala yopanda munthu. Ubwere, ugogode chitseko cha kumbuyo. Ndikuonetsa iwe. Kanema wathunthu wa munthu mmodzi, ngati mkazi wa bwana."

Otilia anagwetsa maso, chala cha kuphazi chikujambula pansi, monga amachitira atsikana amanyazi. "Mulonjeze kuti ndikagogoda, mudzaonetsa."

"Ndalumbira."

"Ndibwera."

Potembenuka anaona nsonga ya chitenje chofiira ikuzimiririka pakona ya holo. Dailesi. Ankathamanga kulowera kumene amakhala Augustino. Otilia sanamuthamangire. Akanene. Ndipo akanene bwinobwino, ndi nthawi yomwe.

*

Madzulo ake a Saulos anali pampando wandalema pansi pa mtengo wa nimu, akudzikupiza ndi chipewa. Otilia anagwada patali pang'ono.

"Amalume, ndili ndi mawu."

"Ngati ndi za woimba uja, ndinatseka."

"Si za iye. Ndi za inu. Anthu akukusekani."

Chipewa chinaima. "Akuseka yani?"

"Akuti a Saulos, amene amadziwa kanema kuposa aliyense pa esiteti pano, awaonetsa kanema wodula mchira, iwo n'kuombera m'manja."

"Wodula mchira bwanji?"

"Amalume, inu mwaonera makanema angati? Ndi uti anathapo opanda mawu awiri aja?"

A Saulos anatsinzina. Milomo inkayenda, akubwereza Lamulungu lonse m'mutu. Kenako anamenya ntchafu.

"Mwana wa njoka! Sanabwere!"

"Chitini chachitatu chili m'holo. Lachinayi chikubwerera ku Blantyre. Mukapanda kuchiona mawa, mudzafa osadziwa kuti mayi uja pasiteshoni zinamuthera bwanji."

Pamenepo ndiye anawagwira pamtima. A Saulos akanatha kupirira njala, koma osati nkhani yosatha.

"Ndipo amalume," anapitiriza Otilia, "munagamula mlandu wanga mutamva mboni ziwiri. Yachitatu anaitsekera m'chipinda. Ndikupempha chimodzi. Chimene chitini chimenecho chinene, chimenecho ndiye chikhale chigamulo."

"Ukunena wekha?"

"Ndikunena ndekha."

"Usadzalire."

"Sindidzalira."

Atachoka apo anapita kwa mayi Asiya. "Amayi, ndikuuzeni chinsinsi, koma musauze munthu. Mawa 3 koloko, chitseko cha kumbuyo kwa holo."

"Ine? Pakamwa panga ndi pamanda, mwanawe."

Dzuwa lisanalowe, makomboni onse anali atamva.

*

Lachitatu, 3 koloko yeniyeni, Otilia anagogoda. Go, go, go.

Chitseko chinatseguka. Fungo la mafuta onunkhira linatuluka kaye, kenako Gideon, tsitsi atalipesa mzere, mabotolo awiri a zakumwa m'manja.

"Oti wanga, lowa msa..."

Kumbuyo kwa Otilia kunali a Saulos atavala jekete la kutchalitchi. Kumbuyo kwawo amayi ake a Otilia. Kumbuyo kwawo mayi Asiya ndi dengu. Kumbuyo kwawo amayi a pamjigo, ena ndi ana kumsana, madoda obwera kumene kumunda makala a nzimbe ali m'masaya, mzere mpaka kumsewu.

"Ndagogoda, a Gideon," anatero Otilia. "Munalumbira."

"Zakumwazi ndi za yani, mwana wanga?" anafunsa a Saulos mofatsa kwambiri. "Ziwiri. M'holo yotseka. Unkayembekezera mwana wa yani?"

"Ndi... ndi zanu, bambo."

"Takhuta," anathokoza m'Chisena a Saulos, n'kutenga onse awiri. Lina anapatsa mlongo wawo.

Nthawi yomweyo njinga inafika ikuuluka, Augustino ali pamwamba, nkhope ngati mtambo wa mvula. Dailesi anatsika pakaliyala akuloza. "Si uyo! Ndinakuuzani kuti akumana awiriwiri m'chipi..." Anaona khamu lija, dzanja n'kugwa lokha.

"Awiriwiri ake ndi amenewa, Dailesi," anatero Otilia. "Tawerenga bwino."

Augustino anamuyang'ana, manyazi ndi kuseka zikulimbana pankhope. "Pyadidi, chabwino," ananong'ona. "Wandigonjetsa."

Anthu anakhala pamabenchi. Gideon anakoleka lamba wa m'chitini chachitatu, n'kutambasula dzanja kuti atenge chimkuzamawu.

"Chimenecho chisiye," anatero a Saulos. "Lero timva ndi maso."

Khoma linawala. Woliza lipenga uja anali atatha. Suti yothimbirira, chifuwa chikumuvuta, anzake a botolo onse atamuthawa. Anakwera sitima. Anatsika pasiteshoni yomwe ija.

"Wabwerera!" anakuwa mayi Asiya. Nthungululu inalira kumbuyo. Otilia anafinya dzanja la amayi ake. Mtima unkagunda ngati ulimba wa pachikondwerero.

Munthu uja anagogoda pakhomo. Mkazi anatsegula, tsitsi litayamba imvi. Anayang'ana mwamuna, kenako anayang'ana kabokosi ka lipenga m'dzanja lake. Anatseka chitseko.



Tsiku lachiwiri anagogodanso. Mkazi anayang'ananso kabokosi. Anatsekanso.

Tsiku lachitatu munthu uja anayenda mpaka pamlatho waukulu. Anatsegula kabokosi. Analiza nyimbo imodzi, yapang'onopang'ono, yoti ngakhale ana kumsana analeka kulira. Atamaliza anapukuta lipenga ndi mkono wa jekete, analipsompsona, n'kuliponya mumtsinje.

Anagogoda manja ali lende. Chitseko chinatseguka chonse.

Amayi anaimba nthungululu, madoda anaomba m'manja. Koma Otilia sanaombe. Iye ankaona chithunzi chomaliza. Banja lili patebulo, mkazi akugawa chakudya, mwana akuseka. Mwamuna uja akumwetulira ndi milomo yokha. Ndipo pambali pa mbale yake, zala zitatu za dzanja lamanja zinkakwera ndi kutsika pathabwa, zikudina lipenga limene kulibe.

Mawu awiri aja anabwera. Nyimbo yothera inalira.

*

Panja, anthu anazungulira a Saulos. Iwo anakonza jekete, anatsokomola, n'kuitana.

"Augustino, sendera kuno."

Augustino anavula chipewa n'kunjuta. "Wawa, bambo."

"Ndinakulakwira. Ndinagamula ndi kanema wodula mchira. Woimba akhoza kubwerera, akhoza kukhala munthu pakhomo. Ndaona pakanema."

Amayi ake a Otilia anayamba kale kuvina ndi mapewa.

"Ankhoswe ako abwere Loweruka."

"Takhuta, bambo! Takhuta kwambiri!"

"Sindinamalize. Chitseko chija chinatseguka liti? Munaona nonse. Chinatseguka lipenga litamira. Tsono Loweruka m'mawa, ankhoswe asanakhale pamphasa, iwe ubwere ndi ulimba wako. Tipita nawo ku Shire tonse. Ukauponya, Otilia ndi wako."

Kuvina kuja kunaima.

"Koma a Saulos," anatero bambo wina kumbuyo, "ulimba ndi matabwa ndi zikho. Uyandama."

"Tiumangirira mwala."

"Amalume!" Otilia anagwada pafumbi. "Si zimene ndinkatanthauza. Ulimba uja ndi wa malemu bambo ake. Anausenza kuchokera..."

"Unanena wekha dzulo, pansi pa nimu. Chimene chitini chinene, ndicho chigamulo. Ndinakuchenjeza. Unati sudzalira."

Otilia anaweramitsa mutu. Chingwe chimenechi anapota yekha, ndi manja ake. Pakhomo la holo Gideon anali atatsamira chitseko, ndipo kumwetulira kumene kunamuthawa masana kunali kutayamba kubwerera.

Onse anayang'ana Augustino. Iye anayang'ana pansi nthawi yaitali. Kenako anayang'ana Otilia.

"Loweruka ndibwera nawo," anatero.

Nthungululu zinaphulika. A Saulos anamugwira dzanja mwamphamvu n'kumapita, khamu likuwatsata, aliyense akufotokozera mnzake kanema amene onse aonera limodzi.

Anatsala atatu. Augustino anamwetulira. "Waona? Zatheka. Loweruka ndiwe wanga."

Otilia sanayang'ane kumwetulirako. Anayang'ana dzanja la Augustino. Zala zija zinali pachishalo cha njinga, zikugogoda, zikuthamanga uku ndi uku pamatabwa amene kulibe.

Otilia anadzuka, n'kusasa fumbi m'mawondo.

"A Augustino, mundimve bwino. Ine ndinakukondani tsiku la ukwati wa kwa Lundu, mutatseka maso, timitengo tikuuluka. Munthu ameneyo ndi amene ndikufuna. Wa patebulo uja, wogogoda thabwa ngati wodwala, akwatiwe naye wina."

"Otilia, nanga ndichite chiyani? Ndi ulimba, amalume ako akana."

"Popanda ulimba, ndikana ndine."

"Ndiye kuti njira palibe!"

"Ilipo. Sindinaione, koma ilipo. Chitini ndinachipeza m'masiku atatu. Kufika Loweruka ndi masiku atatunso. Musaukhudze ulimba umenewo, musamasule ngakhale chikho chimodzi."

Kumbuyo kwawo munthu anatsokomola. Dailesi anali akadali pomwepo, akumanga bwino chitenje chake chofiira, mawu ali ozizira ngati madzi a mumtsuko.

"Mavuto onsewa n'chifukwa chiyani, achimwene a Gusti? Kwathu kulibe amalume a kanema. Bambo anga dzulo lomweli amati pakhonde pathu m'patali ndi chinyezi, ulimba ungakhale bwino." Anakhala pakaliyala ya njinga, n'kukonza miyendo. "Mwanditenga kuno ndinu. Simundibweza?"

Augustino anayang'ana Dailesi, anayang'ana Otilia. Zala zija zinaleka kugogoda.

Otilia anagwira chiwongolero cha njinga ndi manja awiri, ndipo sanachisiye.